Tambala Wopepesera Mlandu Umene Kunalibe

Ndikukumbukira kuti tsiku limenelo kunkazizira, koma ndikatero sindinanene kanthu, chifukwa kwathu ku Bembeke m'miyezi ya chisanu kumazizira tsiku lililonse. Nkhungu inkatsika m'mapiri n'kudzakhala pabwalo la sukulu ngati kuti nayonso inalembetsa dzina. Tinkafika m'kalasi miyendo ili mbuu, zala zitauma moti kugwira cholembera inali ntchito payokha. Kalasi yathu ya Sitandade 7 inalibe magalasi. Mawindo ake anali njerwa zamabowo, mphepo inkalowa mmene ikufunira, ndipo mawu nawonso ankatuluka mmene akufunira. Kuseri kwa khomalo kunkadutsa njira imene amayi a m'midzi yathu ankadzera popita kumsewu waukulu atasenza mbatata ya kachewere ndi kabichi.

Chingerezi ankatiphunzitsa ndi a Chisale, mnyamata wochoka kumene ku koleji, woonda, wokonda tayi yofiira ngakhale atavala juzi pamwamba. Iwo sankakonda kutanthauzira mawu m'Chichewa. Ankati mawu ongouzidwa amagwera m'njira popita kunyumba, koma mawu owaona ndi maso amakafika nawe. Choncho liwu lililonse latsopano ankalichita. Tsiku la liwu la kutsimphina anazungulira kalasi yonse akukoka mwendo. Tsiku la liwu la kukwawa analowa pansi pa tebulo ndi tayi yawo yomwe, n'kutulukamo ali fumbi lokhalokha. Tinkawakonda, ngakhale kuseri tinkati mutu wawo sunali wokhazikika kwenikweni.

Ine Chingerezicho chinali chitandilowa m'magazi. Ndinkawerenga chilichonse, matumba a feteleza, zitini za mankhwala opopera kachewere, ngakhale zolembedwa kumbuyo kwa malole. Koma sukulu yanga inali ndi lamulo lake kunyumba. Achimwene anga a Yohane anayankhapo aphunzitsi mwachipongwe, ababa n'kuitanidwa kukaima pamaso pa komiti, kumene anakawalankhula ngati kamwana. Anabwerako nkhope itada, a Yohane ali pambuyo, ndipo kuchokera tsiku limenelo a Yohane sukulu yawo inali kudimba. Madzulo ake ababa anandiloza ndi chala. Anati ndikadzangopalamula kusukulu, iwo adzapita kukapepesa monga mwa ulemu, koma pobwera adzabwera nane, chifukwa dimba silikana munthu. Ababa sankanena mawu kawiri. Ndinkayenda pasukulupo mosamala ngati ndasenza mazira.

M'mawa wa tsikulo a Chisale analowa osatiseketsa monga mwa masiku onse. Analemba pabolodi liwu limodzi, *berate*, n'kulidula mzere kunsi kwake. Anayendayenda pakati pathu manja ali kumbuyo, kenako anadzaima pamaso panga, n'kundiuza m'Chingerezi kuti ndiimirire. Ndinaimirira ndikumwetulira, poganiza kuti akufuna ndiwerenge.

Chimene chinatsatira sindinachionepo. Anayamba ndi mawu apansipansi, kenako anakweza mpaka malata akuchita ngati akuyankha. Anati ndine waulesi. Anati ndine wosasamala, wongodya choko cha sukulu pachabe, wochititsa manyazi makolo amene amadzuka m'bandakucha kukandivutikira. Anati mutu wanga ndi dzungu. Zonsezi zinali m'Chingerezi, ndipo tsoka langa linali lakuti ndinkamva liwu lililonse. Mitsempha ya m'khosi mwawo inatupa, chala chikugwedezeka pafupi ndi mphuno yanga. Ndikati ndiyankhe, ankawonjezera moto. M'kalasi munangoti zii, ngakhale aja okhosomola chaka chonse analeka. Mumtima ndinkathamanga uku ndi uku kufunafuna chimene ndalakwa. Kodi n'kusesa? Ndinasesa. Kuchedwa? Ndinafika belu lisanalire.

Pothawa maso awo ndinayang'ana kumbali, ndipo m'bowo la njerwa ndinaona chitenje chimene ndinkachidziwa bwino, chobiriwira, chozilala pamawondo. Amayi anali ataima panjira paja, dengu la kachewere lili pamutu. Pambali pawo panali a Nanyoni, anansi athu, amene nkhani sinkagona m'mimba mwawo. Sindikudziwa kuti anali ataima nthawi yaitali bwanji. Ndinangoona dengu lija likutembenuka pang'onopang'ono, n'kupitirira ulendo wa kumsewu.

Amayi asanafike n'komwe pa mitengo ya paini ya m'mbali mwa njirayo, a Chisale analeka. Anapumira m'mwamba, anakonza tayi, n'kumwetulira. Anagogoda pabolodi ndi choko, nati chimene taonacho ndicho liwulo. Anafotokoza kuti si kudzudzula wamba, kwa mawu awiri atatu munthu n'kupitirira. Ndi kukalipira munthu mokweza, mwaukali, kwa nthawi yaitali, osamupatsa mpata woti ayankhe kapena apume. Anati liwuli limafuna munthu womukalipira, ndipo nthawi zambiri limafunanso chifukwa chake. Anzanga anaphulika kuseka, mantha atawachoka. Aphunzitsi anati andiombere m'manja chifukwa ndathandiza phunziro, ndipo anandiomberadi, ena mpaka mluzu. Ine ndinakhala pansi maso ali pabowo lija. Amayi anamva chiyambi, koma mathero anawasiya m'kalasi.

Mungafunse kuti bwanji sindinawauze aphunzitsi pomwepo. Inenso ndimadzifunsa. Koma masiku amenewo mwana sankangotsatira mphunzitsi n'kuyamba kumufotokozera za kunyumba. Ndinazungulira pafupi ndi ofesi nthawi yopuma koma osalowa, ndipo titaweruka ndinangoona msana wawo ali panjinga kulowera kumishoni. Ndinabwerera kunyumba mwapang'onopang'ono, chimanga chokazinga chimene ndinatenga m'mawa chidakali m'thumba. Pamjigo ndinapeza nkhani itandidutsa kale. Mayi wina anasiya kupopa n'kundifunsa kuti ndalakwa chiyani choti aphunzitsi mpaka kusasa mawu. A Nanyoni anali atagwira ntchito yawo.

Dzuwa likulowa ababa anali pakhonde akumata kheni yothirira imene inkadontha. Amayi anakhala chapatali pamphasa akusenda nsawawa, osandiyang'ana. Ndinagwada, ndipo ndisanafunsidwe ndinayamba kufotokoza mothamanga, mawu akupunthana, kuti zinali zachitsanzo chabe, kuti aphunzitsi amatiphunzitsa liwu latsopano.

"Liwulo likuti chiyani?" anafunsa ababa, maso ali pakheni.

"Likuti kukalipira, ababa."

"Ndiye anakukalipira."

"Eya, koma sizinali zenizeni."

Anaika kheni pansi. "Iwe Sisiliya, munthu wamkulu, wophunzira, angatupitse khosi pa mwana wosalakwa? Wamisala? Amako anamva ndi makutu awo. Si choncho, Nangozo?"

Amayi anayankha motsitsa, zala zili m'nsawawa. "Ine Chizungu sindimva. Koma ukali ndimaumva."

Mlandu unathera pomwepo. Kwa ababa bodza langa linali lachibwana kwambiri moti silinkafunika n'kukwapulira komwe. Anauza a Yohane kuti agwire tambala wofiira uja amumange miyendo. Mawa tikapepese, kenako tikatsanzike.

Chakudya sichinatsike. Ndinkayang'ana zidendene za a Yohane, zong'ambika ndi madzi ozizira a kudimba, n'kumaona zanga. Sindinkadana nalo dimba, ndinkathirira nawo Loweruka lililonse, koma kuganiza kuti moyo wanga wonse ukhala pakati pa chitsime ndi mizere ya kabichi kunandiwawa. Chimene chinkandiopsa kwambiri chinali kapepesedwe ka kwathu. Munthu akapita kukapepesa sakabwereza zimene zinalakwika, chifukwa kutero n'kutokosa bala. Amangoti talakwa, tikhululukireni. Wopepesedwayo nayenso safunsa zambiri, amangoti zatha, n'kulandira chimene wapatsidwa. Ndinaona kuti nkhani yonse ikhoza kuyamba mpaka kutha popanda wina wotchula chimene ndinalakwa. Komanso ndinkadziwa kuti aphunzitsi athu mwezi ukapita patali ankakhalira nyama ya soya, ndipo tambala uja anali wonenepa.

Kutacha ndinavala yunifolomu mosamala, ndikuganiza kuti mwina n'komaliza. Tinanyamuka nkhungu idakali yothithikana. Ababa anali patsogolo atavala jekete lawo la kutchalitchi, amayi pakati atapanira tambala m'khwapa, ine pambuyo. Udzu wonyowa unkandikwapula m'miyendo. Palibe amene analankhula kupatula tambala, amene ankadandaula nthawi ndi nthawi ngati akudziwa kuti pa anthu olakwiridwa tsiku limenelo nayenso analipo. Ndinapemphera Tikuoneni Mariya mwina kangapo, koma ndinkangosokoneza mawu. Ana anzanga ankatipitirira akutiyang'ana, ena akugwirana pakamwa.

A Chisale tinawapeza pakhomo la kalasi akupukuta nsapato ndi kansanza. Ataona makolo anaimirira msangamsanga. Ababa anavula chipewa, ananjuta, n'kuomba m'manja mwaulemu. Amayi anagwada pa dothi lonyowalo, ine n'kugwada kumbuyo kwawo. Ababa ndi amene anayamba kulankhula.

"Wawa aphunzitsi. Tabwera ndi manyazi. Mwana ndi mwana, walakwa, ndiye kuti talakwa ndife. Mutikhululukire."

Amayi anapereka tambala ndi manja awiri. Ndinaona nkhope ya a Chisale ikusokonezeka. Anayang'ana ababa, anayang'ana ine, anayang'ana tambala. Zinkaoneka kuti sakudziwa chimene akupepesedwa, koma nawonso analeredwa, ankadziwa kuti munthu wamkulu akakuvulira chipewa sumufunsa mafunso ngati wapolisi. Analandira tambala uja.

"Palibe kanthu, bambo. Zatha. Dzukani, mayi."

Zinkayenda ndendende mmene ndinkaopera. Ababa anathokoza, anabwezera chipewa kumutu, n'kutembenuka kuti akatsanzike kwa ahedi. Ndikanalankhula m'Chichewa, akanandidula liwu loyamba lisanathe, chifukwa mwana salowerera akulu akamakambirana. Ndinatsala ndi khomo limodzi lokha. Ndidakali chogwada, ndinati: "Sir, my mother heard you berate me." Ndinawonjezera, m'Chingerezi chomwecho chothyokathyoka, kuti amayi anali kuseri kwa windo, ndipo lero ndikusiya sukulu.

Chimenecho chinali chiganizo changa choyamba cha Chingerezi chimene sindinachinene pofuna malikisi. Ababa anandiyang'ana mwaukali, koma sanadziwe ngati ndachita mwano kapena ndayankha za m'kalasi. A Chisale anatsegula pakamwa. Tambala anakupiza mapiko, n'kuwasiyira nthenga patayi.

"Mayo ine," anatero, m'Chichewa chenicheni chimene sitinkawamva nacho kawirikawiri. "Bambo, taimani. Chonde taimani."

Anafotokoza zonse, akuchita chibwibwi, tambala ali m'manja chifukwa analibe pomuika. Anati mwanayu sanalakwe kanthu, iwo amangoonetsa tanthauzo la liwu, ndipo ndi mmene amaphunzitsira masiku onse. Anafika mpaka ponena za tsiku lokwawa pansi pa tebulo, zimene sizinawathandize kwenikweni pamaso pa ababa. Ababa anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chitabwerera m'manja.

"Ana ndi ambirimbiri m'kalasimo," anatero. "Munasankhiranji wangayu?"

"Chifukwa m'kalasi monse ndi yekhayu amene akanamva mawu onse. Enawo akanangomva phokoso."

Ababa anali asanauzidwepo ndi munthu aliyense kuti mwana wawo amaposa anzake pa chilichonse, ndipo ndinaona kuti nkhaniyo akusowa poiika. Amene analankhula anali amayi, adakali chogwada, maso ali pansi.

"Ndiye kuti anawamvadi onse."

Sananene mokalipa, koma a Chisale anawerama mutu. Ndikuganiza kuti ndi pamenepo pamene anazindikira kuti dzulo lija anthu onse anaseka kupatula mmodzi. Ananditembenukira n'kundipepesa, mphunzitsi kupepesa mwana, anzanga akusuzumira m'mabowo a njerwa. Ndinasowa poyang'ana, ndipo misozi imene ndinaisunga kuyambira dzulo inasankha nthawi yomweyo.

Ababa anakanda kumutu kwa nthawi. Kenako ananena maganizo awo, mosathamanga, ngati akutsatsa mbewu. Anati iwo amva, ndipo mwana akhala. Koma mawu aja anatulukira pawindo, anafika kumsewu, anafika pamjigo, ndipo pofika Lamulungu adzakhala atafika kutchalitchi. Kupepesa kwa pakhomo pano akumva anthu anayi okha. Ngati aphunzitsi ali ndi mawu abwino onena za mwanayu, awanene mokweza chimodzimodzi, pamalo omwewo, nthawi imene azimayi akudutsa. Ndiponso awanene m'chinenero choti anthu amve.

A Chisale sanakane. Dzuwa litayamba kubalalitsa nkhungu, madengu atayamba kuoneka panjira, anandiimiritsanso pamalo omwe aja. Anayang'ana kukhoma la mabowo, anakoka mpweya, n'kuyamba kufuula m'Chichewa, ndi mphamvu zomwe zija, mitsempha ya m'khosi itatupa chimodzimodzi. Anati Sisiliya sanalakwe. Anati Sisiliya si waulesi, ndi mwana wakhama, ndipo pa Chingerezi palibe womuposa m'kalasi muno. Anati zadzulo zinali phunziro, wolakwa ndi iwo. Anzanga ankagubuduka ndi kuseka. Kunja madengu anaima mzere, azimayi akuyang'anizana, osamvetsa kuti mwanayu akumukalipira kapena akumutama. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowemo, koma mantha anali atandichoka koyamba chichokere dzulo. Ababa anaima panjira pomwepo pakati pa madenguwo, manja ali kumbuyo, akumvetsera ngati munthu woyendera ntchito. Itatha anagwedeza mutu n'kulowera kudimba.

Za tambala zinavuta pang'ono. Aphunzitsi anayesa kumubweza, koma ababa anati chimene chaperekedwa ndi manja awiri sichibwerera. A Chisale nawo analephera kumudya. Tambalayo anakhala akulira kunyumba za aphunzitsi mpaka chaka chinatha, tambala yekhayo pa Bembeke amene anapulumuka chifukwa cha manyazi a munthu. Maphunziro ochita kuonetsa aja anapitirira, koma liwu likakhala loopsa ankayamba aima pawindo n'kuona ngati kunja kuli anthu, ndipo ankakalipira mpando.

Papita zaka zambiri tsopano. Ndinapitirira sukulu mpaka kumene ababa sankakudziwa n'komwe, ndipo ntchito imene ndimagwira ndi yolankhula Chingerezi tsiku lonse. Ndikapita kumudzi ndimaona kuti zinthu zinasintha. Kachewere wambiri amapita kumsewu panjinga zamoto, ndipo panjira paja anthu oyenda pansi achepa. Mwana wanga akakumana ndi liwu lachilendo amangolifunsa foni, iyo n'kumuyankha mofatsa, mopanda khosi lotupa. Mawa lake amakhala ataliiwala, koma sindinganene kuti ndikusirira njira ya a Chisale. Makolo a masiku ano nawo sagwada pa dothi. Akangomva kuti mwana wakalipiridwa amafika pasukulu ndi mafunso, mwina mopitirira muyeso, ndipo ine ndimakhala nawo kumbali yawo kawirikawiri kuposa mmene ndimavomerezera.

Nkhani imeneyi ndakhala ndikuikamba ngati yoseketsa, ndipo anthu amasekadi. Ndinaikambanso chaka china tili pakhonde kumudzi, ababa atamwalira kale, ndikuyembekezera kuti amayi aseka nawo. Anangomwetulira pang'ono. Kenako anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Anati tsiku lija sanafike kumsewu. Atangopitirira mitengo ya paini anapatsira a Nanyoni kachewere wawo kuti akawagulitsire, iwo n'kubwerera. Anafika mpaka pakhomo la kalasi, dzanja lili m'mwamba kuti agogode. M'kati munali mutakhala bata, aphunzitsi akulankhula Chingerezi chokhachokha. Anaima pamenepo kwa kanthawi, kenako anatsitsa dzanja n'kubwerera kunyumba kudzera m'minda kuti anthu asawaone akulira.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanalowere.

"Ndikanalowa ndi mawu ati, mwanawe?" anatero. "Ankakukalipira m'chinenero chimene ine sindikanatha kukuyankhira. Ndiye usiku umene uja, abambo ako akuti usiye sukulu, ine ndinali nditasoka kale ndalama zanga za kabichi m'lamba. Akanakutulutsa, ndikanakutumiza kwa amalume ako ku Kasina ukapitirize kumeneko. Ndinati mwana wangayu asadzaime pakhomo la munthu ngati ine, dzanja lili m'mwamba."